Chifukwa chiyani sitampa ya ku Hong Kong inali ya masenti 96, osati 100?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina m'boma la Zomba. Pokonzekera phunziro la nkhondo ya opium (mankhwala ozunguza bongo) ndi momwe Hong Kong inagwera m'manja mwa Angerezi, ndinaona zithunzi za masitampa oyamba a kumeneko, a m'chaka cha 1862. Mitengo yake yandizunguza mutu: masenti 2, 8, 12, 18, 24, 48 ndi 96. Munthu angapangirenji sitampa ya masenti 96 pomwe dola ili ndi masenti 100? Ankakhazikitsa mitengoyi ndani, bwanamkubwa wa pachilumbapo kapena a ku London? Nanga masitampa asanabwere anthu ankalipira bwanji? Ndikufunanso kudziwa ngati Matchaina, amene anali ochuluka kumeneko, ankaigwiritsa ntchito positi imeneyi.

Yankho: Aphunzitsi, manambala amenewa sanalakwike ayi. Mukawamvetsa, mwapeza khomo lolowera m'nkhani yonse ya momwe Hong Kong inkalamulidwira m'zaka zake zoyamba. Mitengo yotumizira makalata sinkaganiziridwa mu masenti. Inkaganiziridwa ku London, mu makobiri ndi masheleni, kenako n'kuitembenuzira mu masenti kuti wamalonda wa ku Hong Kong alipire ndi ndalama imene inali m'thumba mwake.

Akuluakulu amene anagwirako ndalama zakale kwacha isanabwere mu 1971 akudziwa kuti makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Ku Hong Kong malonda ankayenda ndi madola a siliva, makamaka a ku Mexico, chifukwa ndiyo ndalama imene amalonda a ku China ankaikhulupirira. Boma la Angerezi linagamula kuti dola imodzi ikhale yofanana ndi masheleni 4 ndi makobiri 2. Tawerengani nane: masheleni 4 ndi makobiri 48, kuphatikizapo awiri aja akwana makobiri 50. Ngati makobiri 50 ali masenti 100, ndiye kuti kobiri limodzi ndi masenti 2. Chinsinsi chonse chagona pamenepo. Sitampa ya masenti 2 ndi kobiri limodzi, ya 8 ndi makobiri 4, ya 12 ndi makobiri 6, ya 18 ndi makobiri 9, ya 24 ndi sheleni imodzi, ya 48 ndi masheleni 2, ndipo ya 96 ndi masheleni 4 ndendende. Sitampa ya masenti 100 ikanakhala ya masheleni 4 ndi makobiri 2, ndipo pamndandanda wa mitengo ya positi ya ku Britain panalibe kalata ya mtengo wotero. Kwa kalaliki wa ku London, 100 ndiye inali nambala yosokoneza.

Masitampa asanu ndi awiriwa anayamba kugulitsidwa pa 8 December 1862, nthawi ya bwanamkubwa Sir Hercules Robinson. Anasindikizidwa ku London ndi kampani ya De La Rue, ali ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria pakati ndi zilembo za Chitchaina m'mbali. Iliyonse inali ndi ntchito yake. Cha m'ma 1860, pamene masitampawa ankaganiziridwa, kalata yopita ku Britain kudzera ku Southampton, doko la ku England, inkalipira makobiri 6 ikakhala yosapitirira theka la ounce, omwe ndi pafupifupi magalamu 14. Ndiyo ntchito ya sitampa ya masenti 12. Yodzera ku Marseilles, mumzinda wa kumwera kwa France, inkalipira makobiri 9 ikakhala yosapitirira kota ya ounce: makobiri 6 a Angerezi ndi makobiri 3 a Afalansa chifukwa chodutsa m'dziko lawo. Ndiyo ya masenti 18. Ya masenti 8 inkagwira ntchito kwambiri pa makalata opita ku madoko a m'mphepete mwa nyanja ya China. Ya masenti 2 inali ya nyuzipepala, komanso ya asilikali wamba ndi amalinyero a zombo za nkhondo, amene lamulo la ku Britain kuyambira 1795 linkawalola kulembera kwawo pa kobiri limodzi lokha bola mkulu wawo asayine pamwamba pa kalatayo.

Zikuluzikulu zija, 24, 48 ndi 96, zinatsatira sikelo. Angerezi ankati kalata ikapitirira theka la ounce mtengo uwirikize, ikapitirira ounce yathunthu ukhale kanayi, ndipo pa ounce iliyonse yowonjezera aziikapo mitengo iwiri. Choncho makampani otumiza mapepala a katundu, a inshuwalansi ndi a banki m'phukusi limodzi ankafuna masitampa a mtengo waukulu. Munthu wamba ankachita mosiyana: ankagula pepala lopyapyala kwambiri, n'kulemba tizilembo ting'onoting'ono, tsamba likadzaza n'kulitembenuza chammbali kulembanso mizere yopingasa pamwamba pa yoyamba ija. Makalata otere alipo ambiri m'malo osungira zakale, ndipo kuwawerenga kumafuna maso ndi kuleza mtima.

Kuti muone chifukwa chake mtengo unkadalira njira, tiyeni tiyende nayo kalatayo. Angerezi anakweza mbendera yawo ku Hong Kong pa 26 January 1841, ndipo positi ofesi inatsegulidwa chaka chomwecho, nkhondo idakali mkati. Panalibe sitima yodalirika. Kalata inkakwera chombo chilichonse chopita ku India kuti ikapeze njira kumeneko, kapena chombo cha matanga chozungulira ku Cape, ulendo wa miyezi inayi kapena kuposerapo. Munthu akafunsa funso kwa abwana ake ku London, yankho linkamupeza chaka chitatsala pang'ono kutha. Zinthu zinasintha mu August 1845 pamene sitima ya nthunzi ya kampani ya P&O yotchedwa Lady Mary Wood inafika ndi makalata kuchokera ku Point de Galle, ku Ceylon (lero ndi Sri Lanka), kudzera ku Penang ndi Singapore. Kuyambira pamenepo makalata ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo kuchokera mu 1853 kawiri pamwezi.

Komabe sitima imodzi sinkayenda ulendo wonse. Ngalande ya Suez inali isanakumbidwe, inatsegulidwa mu November 1869. Kalata yochokera ku Hong Kong inkasintha sitima ku Galle, n'kudutsa ku Aden ndi Nyanja Yofiira mpaka ku Suez. Apo ankaitsitsa, n'kuikweza pa ngamila kudutsa chipululu mpaka ku Cairo, kenako pa mabwato mumtsinje wa Nile ndi mungalande ya Mahmoudieh mpaka ku Alexandria. Njanji inafika ku Cairo mu 1856 ndi ku Suez mu 1858, ngamila n'kupumula. Njira yodutsa ku Egypt imeneyi anailimbikira kwambiri ndi Thomas Waghorn m'zaka za m'ma 1830, pamene akuluakulu ambiri ankaiona ngati maloto. Kuchokera ku Alexandria panali mphambano. Kalata ina inkapitirira ndi sitima kudzera ku Malta ndi Gibraltar mpaka ku Southampton. Ina inkatsikira ku Marseilles n'kudula pamtunda kudutsa France, n'kufika ku London pafupifupi sabata yathunthu patsogolo pa inzake. Wolemba kalata ndiye ankasankha, ndipo ankalemba yekha pakona ya envelopu kuti idzere kuti. Wamalonda wa tiyi kapena silika sankazengereza: makobiri 3 owonjezera anali chabe poyerekeza ndi phindu lomva mitengo ya pamsika mnzake asanamve.

Pa funso lanu la momwe ankalipirira masitampa asanabwere, kumbukirani kuti ngakhale ku Britain komweko sitampa inali chinthu chatsopano. Penny Black, sitampa yoyamba padziko lonse, inatuluka mu May 1840, patangopita miyezi yochepa Rowland Hill atapambana mkangano wake woti kalata ya m'dziko momwemo izilipira kobiri limodzi. Kalekale wolipira anali wolandira kalata, osati wotumiza, ndipo mwambo umenewu unakhalitsa pa makalata a kutsidya kwa nyanja. Ku Hong Kong munthu ankafika pawindo, kalaliki n'kuyeza kalata pa sikelo. Akalipira pomwepo, kalaliki ankalemba mtengo ndi inki yofiira n'kudindapo chidindo chosonyeza kuti yalipiridwa. Chidindo chodziwika kwambiri ndi chozungulira chokhala ndi chisoti chaufumu pamwamba, chimene London inatumiza mu 1844. Akapanda kulipira, mtengo unkalembedwa ndi inki yakuda, ndipo wolandira kalata ku London kapena ku Glasgow ankatulutsa ndalama pakhomo pake. Mukaona envelopu yakale, yambani mwayang'ana mtundu wa inki: yofiira ikutanthauza kuti zatha, yakuda ikutanthauza ngongole. Ngakhale masitampa atabwera mu 1862, kulipira ndi ndalama pawindo kunapitirirabe mpaka mu 1864 pamene boma linalamula kuti aliyense azimata sitampa.

Panalinso mtundu wina wa makalata, onyamulidwa ndi zombo wamba zopanda mgwirizano ndi boma. Lamulo linkati kapitawo wa chombo akafika padoko apereke makalata onse ku positi ofesi, ndipo iye ankalandira kangachepe pa kalata iliyonse. Ku Britain kalata yotere inkalipira makobiri 8 m'zaka za m'ma 1840, pamene yodzera pa sitima ya P&O kupita ku Southampton inkalipira sheleni yathunthu mpaka mtengo utatsitsidwa kufika pa makobiri 6 mu 1854. Sheleni sinali ndalama yosewera nayo. Waganyu wa m'minda ya ku England panthawiyo ankalandira pafupifupi masheleni 10 pa sabata, ndiye kalata imodzi yochokera kwa mwana wake ku China ikanamudyera malipiro oposa theka la tsiku.

Tsopano tibwere pa mwini wake wa positi. Kuyambira m'ma 1840 mpaka 1860, positi ofesi ya ku Hong Kong inali nthambi ya General Post Office ya ku London. Mkulu wake ankayankha kwa Postmaster General wa ku Britain, ndalama zotolera zinkapita ku London, ndipo bwanamkubwa wa pachilumbapo analibe mphamvu zenizeni pa ofesi imene inali pafupi ndi nyumba yake. Dandaulo la wamalonda linkayenda mwezi ndi theka kupita, mwezi ndi theka kubwera. Ulamuliro wotere sukanakhalitsa, ndipo pa 1 May 1860 London inapereka ofesiyo m'manja mwa boma la Hong Kong, nthawi yomweyo imene inkachita chimodzimodzi ku zilumba zake za West Indies. Masitampa a 1862 ndi chipatso cha kusinthaku: ofesi ikakhala yako, umafuna sitampa yako.

Koma musanyengedwe ndi tsiku limenelo, aphunzitsi. Chimene Hong Kong inalandira ndi nyumba, antchito ndi mabuku owerengera ndalama. Mtengo wa kalata yopita ku Ulaya unkakhazikitsidwabe ku London, chifukwa London ndiyo inkalipira sitima. Pa makobiri 6 aja, kagawidwe kake kanali kotere: kobiri limodzi la positi ya ku Britain, makobiri 4 a ulendo wa panyanja, ndi kobiri limodzi la dziko la kutsidya. Popeza za panyanja zinali m'manja mwa Britain, London inkatenga 5 pa 6, Hong Kong n'kutsala ndi limodzi. N'chifukwa chake pa maenvelopu ambiri a nthawi imeneyo mumaona kanambala kolembedwa ndi pensulo kapena inki yofiira kosagwirizana ndi mtengo wa sitampa. Si kulakwitsa ayi, ndi kalaliki amene akulemba gawo la ofesi inayo kuti pakutha pa nyengo maofesi awiriwo awerengerane. Ndipo London itaona kuti ndalama zimene ikupereka kwa P&O zikuposa zimene makalata akubweza, inakweza mtengo osadikira chilolezo cha wina, ndipo pofika mu 1863 unali wotere: sheleni imodzi kudzera ku Southampton, sheleni ndi makobiri 4 kudzera ku Marseilles. Mu masenti ndi 24 ndi 32, ndipo ndicho chifukwa chake maenvelopu ambiri a m'zaka zotsatira ali ndi sitampa ya 24 pambali pa ya 8.

Apa pali mbali imene sindifuna kuti ophunzira anu aiphonye. Ndalama za boma zimene P&O inkalandira ponyamula makalata, mapaundi 45,000 pachaka pa njira ya Ceylon ndi China yokha pamgwirizano woyamba, zinkathandiza kuyendetsa sitima zomwezo zimene zinkanyamulanso mabokosi a opium kuchokera ku India kupita ku China, pamodzi ndi siliva ndi silika. Positi ya ku Hong Kong sinakhazikitsidwe kuti mayi alembere mwana wake. Inakhazikitsidwa kuti malonda ayende, ndipo malonda aakulu a pachilumbapo m'zaka zimenezo anali a mankhwala ozunguza bongo amene anawononga mabanja osawerengeka ku China. Thumba la makalata ndi bokosi la opium zinkagona m'sitima imodzi. Ine ndimaona kuti kuphunzitsa mbiri ya sitampa yokongola ija popanda kunena zimenezi n'kubisa theka la nkhani.

Amalonda akuluakulu eni akewo ankaidziwa mphamvu ya kalata, ndipo sankafuna kugawana ndi wina. Makampani monga Jardine, Matheson & Co. ndi Dent & Co. anali ndi zombo zawo zaliwiro zochokera ku Calcutta, kumene boma la India linkagulitsira opium pa okushoni. Chombo chotere chikafika, makalata a eni chombo ankatsika msanga, pamene a anthu ena ankakhala m'chombomo mpaka abwana atamaliza kugula kapena kugulitsa pa mtengo umene anzawo anali asanaumve. Lamulo linkaletsa, amalonda ang'onoang'ono ankadandaula, koma mkulu wa positi ofesi wa malipiro ochepa akanatani ndi kampani imene inali ndi mawu m'nyumba ya malamulo ya pachilumbapo? Phiri lina la ku Hong Kong limatchedwabe Jardine's Lookout, ndipo anthu a kumeneko amasimba kuti pamenepo pankakhala mlonda woyang'ana matanga a zombo za kampaniyo kuti bwato lithamange kukatenga makalata chombo chisanakocheze. Mpikisano umenewu unazilala mu 1871 pamene waya wa telegalamu wa pansi pa nyanja unafika ku Hong Kong. Mitengo ya pamsika inayamba kuyenda pa waya, kalata n'kutsala ndi ntchito yotsimikizira zimene zamveka kale.

Tsiku lofika sitima ya makalata linali tsiku lalikulu mumzinda. Pamwamba pa phiri la Victoria Peak panali malo operekera zizindikiro kwa a m'munsi sitima ikaoneka, ndipo amithenga a makampani ankadzaza pa positi ofesi ya pa Queen's Road, kumene inasamukira mu 1846. Kuti anthu asadikire nthawi yaitali, kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 ofesiyo inayamba kutumiza akalaliki ku Singapore kuti akwere sitima n'kumasankha makalata ali panyanja, pofika ku Hong Kong n'kuti matumba atagawidwa kale. Iwo anali ndi chidindo chawo, ndipo osonkhanitsa zakale amachisaka kwambiri. Kanthu kena kakang'ono kamene mudzaona pa masitampa ambiri a nthawiyo ndi chidindo cha dzina la kampani kapena mzere wa inki wodutsa pa sitampa ndi envelopu. Sitampa ya masenti 24 kapena 96 inali ndalama yooneka kwa mthenga wa malipiro ochepa, ndiye makampani ankaidetsa dala isanatuluke mu ofesi kuti wina asaimatule n'kukagulitsa.

Ulamuliro wa positi ya Hong Kong sunathere pachilumba. Pangano la Nanking la pa 29 August 1842 linatsegula madoko asanu kwa Angerezi: Canton, Amoy, Foochow, Ningpo ndi Shanghai. Kuyambira 1844 maofesi a akazembe a Britain m'madokowa anayamba kulandira ndi kutumiza makalata, kawirikawiri ntchitoyo n'kugwera kalaliki wamng'ono wa kazembe. Masitampa a Hong Kong atabwera, ankagulitsidwanso kumeneko, ndipo pambuyo pake ku Swatow, Hankow, mpakanso ku Yokohama, Nagasaki ndi Kobe ku Japan. Sitampa ndi imodzimodzi, koma chidindo ndicho chimaulula kumene inamatidwa: B62 ndi Hong Kong, S1 ndi Shanghai, A1 ndi Amoy, C1 ndi Canton, F1 ndi Foochow, Y1 ndi Yokohama. Mu 1868 maofesi amenewa anaikidwa pansi pa Hong Kong. Taganizani bwino tanthauzo lake: dziko lachilendo likuyendetsa positi yake pa nthaka ya China, likutolera ndalama ndi masitampa a nkhope ya mfumukazi yake, eni nthaka osafunsidwa. France, America, Japan, Germany ndi Russia nawonso anatsegula awo. Japan inakwanitsa kutseketsa a Angerezi pa nthaka yake mu 1879, itangomanga positi yakeyake yodalirika. China inadikira zaka zina zoposa 40.

Manambala achilendo aja anayamba kutha ntchito pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mgwirizano wa mayiko. Nkhondo ya France ndi Prussia mu 1870 inasokoneza njira ya ku Marseilles, makalata n'kuyamba kudzera ku Brindisi, ku Italy, ndipo mtengo wa njira imeneyi unali masenti 30, kenako 28 mu 1876. Pamenepo n'kuti mayiko atasayina pangano la ku Bern la pa 9 October 1874, limene linabala bungwe la mapositi a mayiko lomwe kuyambira 1878 limatchedwa Universal Postal Union. Mfundo yake inali yapafupi koma yamphamvu: dziko lotumiza lisunge ndalama zimene latolera, dziko lolandira lipereke kalata kwaulere, ndipo mitengo ikhale yofanana posayang'ana kuti kalata yadutsa m'mayiko angati. Kuwerengerana kalata imodziimodzi kunatha, timanambala tofiira tija n'kusowa. Hong Kong inalowa pa 1 April 1877, kalata ya ku Britain n'kutsika kufika pa masenti 16, ndipo mu 1880 pa masenti 10. Poti masitampa atsopano ankachedwa kuchokera ku London, ofesi inkangodinda mtengo watsopano pa akale: 28 pa 30, 16 pa 18.

Chifukwa chachiwiri ndi siliva. Masamu onse aja a kobiri limodzi masenti 2 anayima pa dola ya masheleni 4 ndi makobiri 2. Kuyambira cha m'ma 1873, Germany ndi mayiko ena atasiya siliva n'kutsata golide, mtengo wa siliva unayamba kugwa, dola ya Hong Kong n'kugwa nawo. Sitampa ya masenti 96 sinalinso masheleni 4, inangokhala nambala yopanda mwini. Mu 1885 boma linadinda dola imodzi pa ya 96, masenti 50 pa ya 48 ndi masenti 20 pa ya 30. Kugwa kwa dola mungakutsate pa masitampa okha. Mu 1891 kalata ya ku Britain itaikidwa pa makobiri awiri ndi theka, mtengo umene mu 1862 ukanakhala masenti 5, Hong Kong inafunika sitampa ya masenti 7. Pa Khirisimasi ya 1898, madera ambiri a ufumu wa Britain atagwirizana zotumizirana makalata pa kobiri limodzi, kobiri limenelo ku Hong Kong linali masenti 4. Pa zaka 36 dola inali itataya theka la mphamvu yake.

Funso lanu lomaliza ndilo limandikhudza kwambiri, chifukwa mabuku ambiri a masitampa amalidumpha. Anthu oposa 9 pa 10 alionse ku Hong Kong anali Matchaina, koma kwa zaka zambiri ambiri a iwo sankapita ku positi ofesi ya pa Queen's Road. Sikuti sankalemba makalata. Anali ndi njira yawo yakale kuposa ya Angerezi: timakampani ta makalata totchedwa minxinju, tokhala ndi nthambi m'mizinda ndi amithenga oyenda pa mabwato ndi pansi mpaka kumidzi ya m'chigawo cha Guangdong. Positi ya Angerezi inkathera padoko. Kalata yopita kumudzi wa mkati mwa China inalibe poyambira. Timakampaniti tinkabwera kudzatenga makalata pa sitolo usiku malonda atatsekedwa, tinkanyamula ndalama ndi timaphukusi, tinkabweza ndalama zikatayika, ndipo malipiro nthawi zambiri ankagawana wotumiza ndi wolandira, zimene zinkachititsa mthenga kuonetsetsa kuti kalata yafikadi. Kwa amene anapita kukagwira ntchito ku Singapore, ku California kapena ku migodi ya golide ya ku Australia, kunali makalata oyenda limodzi ndi ndalama zothandizira kumudzi, ndipo ambiri ankadzera ku Hong Kong. Zikufanana ndi momwe abale athu a ku Joni amapatsira ndalama ndi katundu dalaivala wa basi amene akumudziwa, chifukwa iye amafika pamene ofesi sifika ndipo akasowetsa kanthu amadziwa kuti adzaonana ndi eni ake maso ndi maso.

Boma la atsamunda linkati kunyamula makalata ndi ntchito ya boma lokha, ndipo linkaona kuti ndalama zikulidutsa. Koma kukakamiza kunali kovuta. Ku Singapore, mu December 1876, boma litatsegula positi ofesi yapadera ya Matchaina n'kulamula kuti makalata onse opita ku China azidzera mmenemo, mumzinda munabuka chipolowe ndipo anthu anafa. Ku Hong Kong timakampaniti tinapitiriza ntchito yawo kwa zaka zambiri pambali pa positi ya boma. Choncho zilembo za Chitchaina za m'mbali mwa sitampa ya 1862 zisakupangitseni kuganiza kuti inapangidwira Matchaina. Amene ankaigwira kwambiri pakati pawo anali amithenga ndi akalaliki a makampani a Azungu, ndi amalonda olembera anzawo a kunja.

China inadzakhazikitsa positi ya dziko lonse ndi lamulo la mfumu la mu March 1896, n'kuipereka m'manja mwa Robert Hart, munthu wa ku Ireland yemwe anali mkulu wa ofesi ya misonkho ya pamadoko a China, amene ofesi yake inali itatulutsa kale masitampa a chinjoka mu 1878. Positi yatsopanoyi inalimbana ndi adani awiri, timakampani ta eni dziko ndi maofesi a alendo m'madoko. China inalowa mu Universal Postal Union mu 1914, ndipo chifukwa chimene alendo ankapereka, choti dzikolo lilibe positi yodalirika, chinatha mphamvu. Mu 1917 masitampa a Hong Kong ogulitsidwa m'madoko aja anayamba kudindidwa mawu oti CHINA, chifukwa dola ya Hong Kong ndi madola a ku China zinali zitasiyana mtengo ndipo anthu ankagula kotchipa n'kukagwiritsa ntchito kodula. Msonkhano wa ku Washington wa 1921 ndi 1922 utagwirizana kuti mapositi a alendo achoke, a Angerezi anatsekedwa pa 30 November 1922, kupatula a ku Weihaiwei, dera limene Britain inkabwereka, amene anagwira ntchito mpaka 1930.